Momwe mungakongoletsere keke ya bethide kuti ioneke ngati mawindo a tchalitchi

Amayi anga atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60 ndinafuna keke yosiyana ndi zija za maluwa a kirimu zomwe aliyense akupanga. Iwowo ndi a Mvano, ndipo chiyambire ndili mwana amakonda kuima nkumayang'ana mawindo a St Michael and All Angels ku Blantyre dzuwa likamawala pa magalasi amitundumitundu aja, ndiye ndinati keke yawo ikhale choncho basi.

Kuphika keke sindikuphunzitsani, phikani yomwe munaizolowera bola ikhale yolimbako chifukwa fondant, icing ya shuga yokanda ngati mtanda yomwe timakutira keke, imalemera. Ipakeni buttercream (kirimu wa batala ndi icing sugar), ikutireni fondant yoyera, muisiye usiku wonse kuti pamwamba paume. Fondant yake samalani komwe mukugula, pali ena amaigulitsa pa WhatsApp m'majumbo opanda dzina, ina imakhala yakalekale moti mukangoyamba kuikanda imang'alukang'aluka, ndalama zapita ndipo mitengo yake nayo ikungokwera.

Jambulani chithunzi chanu papepala lofanana kukula ndi pamwamba pa keke. Ine ndinajambula nkhunda pakati, mbali zonse ndinagawa tizigawo ngati galasi losweka. Tizigawoto tikhale tokulirapo, tating'ono kwambiri timavuta kudzaza. Ikani pepalalo pa fondant nkumabaya ndi toothpick kutsata mizere, mukalichotsa timadontho tija ndi tomwe muzilondola.

Mizere yakuda yolekanitsa tizigawo, ngati ija ya pa mawindo a tchalitchi, ndi royal icing: choyera cha dzira limodzi, icing sugar wosefa pafupifupi magalamu 250, ndi madontho angapo a ndimu. Kuti ide bii yambani ndi supuni imodzi ya koko kenako kala yakuda ya gel, mukathira kala yokhayokha imawawa mkamwa komanso alendo mano amada. Ipangeni dzulo lake nkuiphimba bwino ndi pulasitiki, ikagona imaderatu yokha.

Tsopano apa ndi pomwe ndinalirapo ulendo woyamba, ndipo chonde werengani mofatsa. Ndinalemba mizere cha m'ma 2 koloko masana, ndinaigwira patatha ola ndinamva ngati yauma, ndiye ndinayamba kuthira mitundu poti phwando linali mawa lake mmawa. Kunali mu Januwale mvula ikugwa tsiku lonse, kunja kwa mzere kunauma koma mkati munali phala. Pofika madzulo chakuda chija chinali chitalowerera mu chikasu, nkhunda yoyera inasanduka ya phulusa, ndipo pena pomwe mzere sunakumane bwino ndi unzake chofiira chinadutsa nkukasakanikirana ndi chobiriwira, panatuluka mtundu ngati matope a m'dambo. Ndinasenda fondant yonse usiku umenewo nkuyambiranso ndi yotsala, mtima ukuwawa chifukwa inali keke ya amayi.

Ndiye mizere ipatseni tsiku lathunthu, nyengo ya dzinja ngakhale masiku awiri, pamalo podutsa mphepo kutali ndi nthunzi ya mapoto. Lembaninso mzere wina pakapepala kapadera nthawi yomweyo, umenewo ndi woyesera: ukamathyoka kuti thyo mpaka mkati ndiye kuti ya pa keke yaumanso. Musanathire kanthu, weramani muyang'ane pomwe mizere yakumana paliponse, pakakhala kampata ngakhale kochepa bwanji tsekani ndi kadontho ka icing nkudikiranso. Mzerewo ukhale wotukuka ngati mzere wa mbatata, ndi umene umatchinga mitundu kuti isayende, ndiye nozzle, kansonga ka thumba lofinyira icing, isakhale yopyapyala kwambiri.

Galasi lenilenilo ndi piping gel. Yogula ilipo koma imasowa, ine ndimapanga ndekha: shuga gawo limodzi mwa atatu a kapu, cornflour supuni yaikulu imodzi, madzi a mandimu kota ya kapu, madzi wamba kota ya kapu. Takasani pamoto wochepa mpaka ilimbe nkumaonekera mkati, muisiye izizire kaye. Gawani m'timakapu, kala muziika ndi nsonga ya toothpick, pang'ono chabe, mukachulutsa sizionekanso ngati galasi koma penti. Kala zamadzi za m'timabotolo ta pamsika zija zisiyeni, zimasungunula gel.

Dzazani tizigawo ndi kaburashi koyera kuyambira pakati kupita kunja, osakhudza mzere mwamphamvu, mitundu yofanana isayandikane. M'mbali mwa keke ine sindinavutike, ndinangozunguliza riboni pansi. Dzina ndi zaka lembani pa bolodi lomwe kekeyo yakhalapo. Mufuliji musaikemo, magetsi akazima fondant imachita thukuta ndipo chakuda chimayambanso kuyenda, ingoikani m'katoni pamalo ozizira. Patebulo muiike pafupi ndi windo kuti kuwala kuzigwera pamwamba pake.