Momwe mungakonzekeretsere famase yanu ngozi isanagwe

Madzi akasefukira kapena mliri ukabuka, malamulo a mankhwala sachotsedwa. Ena amangofewetsedwa, ndipo muyenera kuwadziwiratu zinthu zikadali bwino.

Choyamba, funsani bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko lanu zomwe limalola pa nthawi ya ngozi. M'maiko ena famasisiti amaloledwa kupereka mankhwala a masiku ochepa kwa wodwala shuga, BP kapena khunyu amene pepala lake la dokotala lapita ndi madzi. Lembani dzina lake, mlingo ndi tsiku. Koma morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi ena amtundu wake amakhalabe m'kabati yokiya, ndipo m'kaundula musadumphe ngakhale kabotolo kamodzi.

Chachiwiri, furiji. Katemera wambiri ndi insulin amafuna madigiri 2 mpaka 8. Onani kazizidwe m'mawa ndi madzulo, n'kulemba. Magetsi akazima, musamangotsegula chitseko. Akachedwa kuyaka, samutsirani zonse m'bokosi lozizira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amatenga mapaketi a ayezi ali gwa n'kuwagundanitsa ndi mabotolo, katemera wa kafumbata kapena wa hepatitis B n'kuundana, mphamvu n'kutha. Yambani mwaika mapaketiwo patebulo mpaka mumve madzi akukhutchumuka mkati mukawagwedeza. Insulin yokha imapirira masiku pafupifupi 28 kunja kwa furiji ngati kutentha sikupyola madigiri 30, koma ikaundana itayeni.

Chachitatu, makatoni akhale masentimita osachepera 10 kuchoka pansi ndi 30 kuchoka kukhoma. Oyandikira kutha ntchito azituluka poyamba. Amene akhudzidwa ndi madzi osefukira apatuleni, muwalembe, musawapereke kwa munthu.

Chomaliza ndi mankhwala a thandizo operekedwa mwaulere, omwe amapweteketsa mutu kuposa momwe anthu amaganizira. Chivomezi chitachitika ku Armenia mu 1988, kunafika matani pafupifupi 5,000 a mankhwala ndi zipangizo zachipatala, ndipo anthu 50 anatha miyezi isanu ndi umodzi akungosankhula, mankhwala ambiri ali osathandiza. Malangizo omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa koyamba mu 1996 amati mankhwala afike atatsala ndi chaka chimodzi kapena kuposa, akhale omwe mwapempha, ndipo dzina lenileni la mankhwalawo lilembedwe m'chilankhulo chomwe azaumoyo akumeneko amamva. Tumiziranitu opereka mndandanda wanu, ndipo katoni yosakwaniritsa izi muikane isanatsitsidwe m'galimoto, chifukwa mukailandira ntchito yoiwononga igwera inu.