Kukonza Njira Yofufuzira Code Musanabweretse AI m'Gulu Lalikulu la Olemba Mapulogalamu

Gulu la olemba mapulogalamu likakula kufika pa anthu mazana angapo, nthawi yambiri ya ntchito imathera pa kuwerenga ndi kufunafuna code (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) imene anthu ena analemba kale. Mu 2016 akatswiri a ku Google anafotokoza kuti kampaniyo imasunga mizere ya code pafupifupi 2 biliyoni mu repository (nkhokwe yosungiramo code) imodzi, ndipo n'zodziwikiratu kuti palibe munthu amene angasunge m'mutu ngakhale kachigawo kakang'ono ka zimenezo. Makampani ambiri safika pamenepo, komabe vuto lawo ndi lomwelo. Choncho musanalipire zida za AI zothandiza kulemba code monga GitHub Copilot, Cursor kapena Claude Code, yambani mwakonza njira yofufuzira, chifukwa zida zimenezi zimayankha molingana ndi code imene zakwanitsa kupeza ndi kuwerenga.

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa koma sizembeka. Lembani ma repository onse amene kampani ili nawo, kaya ali pa GitHub, GitLab, Bitbucket kapena pa seva yakale imene anthu ambiri anaiiwala, ndipo pa iliyonse mulembe gulu limene limaisamalira. Kufunika kwa zimenezi kunaoneka mu Disembala 2021, pamene vuto lachitetezo lotchedwa Log4Shell linapezeka mu library (code yokonzedwa kale imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) ya chilankhulo cha Java yotchedwa Log4j. Funso limene kampani iliyonse inadzifunsa sabata imeneyo linali lakuti, “Kodi Log4j tikuigwiritsa ntchito pati?” Gulu lotha kufufuza ma repository ake onse pamalo amodzi limayamba kuyankha funso lotere m'mphindi zochepa, pamene gulu lopanda mndandanda limadalira kufunsana m'mauthenga ndi kukumbukira kwa anthu amene mwina anasiya kale ntchito.

Mukatero, sankhani chida chofufuzira. Pa repository imodzi imene ili pa kompyuta yanu, grep, imene Ken Thompson analemba m'zaka za m'ma 1970, imakwanira, ndipo ripgrep ya Andrew Gallant, imene inatuluka mu 2016, imachita ntchito yomweyo mofulumira kwambiri. Zida ziwirizi zimawerenga fayilo iliyonse nthawi iliyonse mukafufuza, ndipo njira imeneyi imalephera mafayilo akafika mamiliyoni. Apa m'pamene pamafunika index, mndandanda wokonzedwa pasadakhale wosonyeza mafayilo amene mawu akupezekamo. Russ Cox, amene anagwira ntchito pa Google Code Search, chida chimene chinatsegulidwa mu 2006 n'kutsekedwa mu 2012, anafotokoza njira yodula mawu onse m'tizidutswa ta zilembo zitatuzitatu ndi kusunga mndandanda wa mafayilo amene ali ndi kachidutswa kalikonse, kotero kuti mukafufuza mawu akuti “password”, chidacho chimangotsegula mafayilo amene ali ndi “pas”, “ass”, “ssw” ndi tizidutswa totsatira, n'kusiya ena onse. Zoekt, imene kampani ya zida zofufuzira code ya Sourcegraph imagwiritsa ntchito, imayenda m'njira yomweyi. OpenGrok, imene inayambira ku Sun Microsystems, ndi yaulere ndipo mungaiike pa seva yanu, pamene amene code yawo yonse ili pa GitHub ali kale ndi chofufuzira chatsopano chimene chinatsegulidwa kwa onse mu 2023. Ngati mukufuna kuona momwe chida chabwino chimakhalira musanasankhe, yesani chofufuzira cha Chromium kapena Elixir ya Bootlin, imene imakuyendetsani mu code ya Linux.

Chimene magulu ambiri amachipeputsa ndi kusiyana kwa kufufuza mawu ndi kufufuza tanthauzo. Mukafufuza mawu akuti “save”, mudzalandira zotsatira zambirimbiri zosakhudzana, chifukwa chidacho chikungoona zilembo. Chimene munthu wofuna kusintha function (kachigawo ka code kochita ntchito imodzi) amafuna kudziwa ndi malo enieni amene function imeneyo inalembedwa komanso malo onse amene amaiitana, ngakhale m'ma repository a magulu ena. Kuti zimenezi zitheke, chidacho chiyenera kumva chilankhulo cha pulogalamuyo ngati momwe compiler, pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iiyendetse, imachimvera. Language Server Protocol, imene Microsoft inatulutsa mu 2016, imathandiza pa zimenezi mkati mwa editor (pulogalamu yolemberamo code) ya munthu mmodzi, koma pa kampani yonse pamafunika index yomangidwa kuchokera ku build (ntchito yosandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda), monga SCIP ya Sourcegraph kapena Kythe ya Google. Kukonza zimenezi kumadya nthawi, makamaka ngati muli ndi zilankhulo zingapo, ndiye yambani ndi chilankhulo chimene code yanu yambiri inalembedwamo. Onetsetsaninso kuti index ikumangidwanso nthawi iliyonse code yatsopano ikalowa mu branch yaikulu, kumene ntchito ya onse imaphatikizidwira, chifukwa index yakale imanamiza munthu amene akuikhulupirira, ndipo akanamizidwa kangapo amasiya kuigwiritsa ntchito.

Musanatsegulire aliyense chofufuziracho, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, chilumikizeni ndi zilolezo zimene muli nazo kale, kuti munthu asaone kudzera mu kufufuza code imene saloledwa kuitsegula mwachindunji. Chachiwiri, yendetsani chida monga Gitleaks kapena TruffleHog pa ma repository onse kuti mupeze mawu achinsinsi ndi makiyi a API (zizindikiro zachinsinsi zolola pulogalamu kulumikizana ndi pulogalamu ina) amene anthu anasiya mu code. Mukawapeza, musangowafufuta, koma asintheni, chifukwa Git, chida chosamalira ma repository, imasunga mbiri yonse ndipo kiyi yofufutidwa lero imapezekabe mu commit (kusintha kosungidwa) ya chaka chatha.

Tsopano mungabweretse AI. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti zida zimenezi zimathetsa mavuto ena mofulumira, koma mlendoyu sadziwa miyambo ya code yanu kufikira mutamuonetsa. Model ya AI, pulogalamu yophunzitsidwa imene imapereka mayankho, imangoona zimene zaikidwa pamaso pake pa nthawi ya funsolo, ndipo malo amenewo ali ndi malire, choncho ubwino wa yankho umadalira mafayilo amene chidacho chasankha kuwerenga. N'chifukwa chake ndi bwino kulumikiza AI ndi chofufuzira chimene mwakonza, mwachitsanzo kudzera mu Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi zida zina, imene Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 ndipo zida zambiri zinaivomereza. Mu repository iliyonse ikaninso fayilo yaifupi ya malangizo, monga AGENTS.md kapena CLAUDE.md malinga ndi chida chanu, yofotokoza momwe pulogalamuyo imamangidwira, momwe mayeso amayendetsedwera, ndi ma library amene gulu lanu linasiya kugwiritsa ntchito. Popanda fayilo imeneyi AI imakopera njira zakale zimene yazipeza mu code, kuphatikizapo zimene mukulimbana kuti muzichotse.

Nkhani ya mgwirizano ndi kampani yogulitsa chidacho musaisiyire olemba mapulogalamu okha. Werengani ngati code yanu idzasungidwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati idzagwiritsidwa ntchito pophunzitsa ma model. Mu 2023 Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT ndi zida zofanana nayo pa makompyuta a kampani, pambuyo poti ena anaikamo code yachinsinsi. Ine ndimaona kuti kupatsa anthu chida chovomerezeka kumateteza bwino kuposa kungoletsa, chifukwa munthu wopanikizidwa ndi nthawi amapeza njira yake yamseri.

Code yolembedwa ndi AI iyenera kudutsa pa khomo lomwe code ina iliyonse imadutsa, ndipo amene watumiza pull request (pempho loti kusintha kwake kuunikidwe ndi kulandiridwa) ndiye mwini wake, wotha kufotokoza mzere uliwonse akafunsidwa. Gwiritsani ntchito fayilo ya CODEOWNERS, yotchula osamalira chigawo chilichonse cha code, kuti kusintha kulikonse kuonedwe ndi gulu lodziwa chigawocho, ndipo kanani pull request yaikulu kwambiri, popeza AI imatha kulemba m'mphindi zochepa zimene wowunika angawerenge tsiku lonse. Samalani makamaka ndi ma library atsopano, chifukwa nthawi zina model imatchula library imene kulibe, ndipo munthu wa zolinga zoipa angathe kulembetsa dzina lomwelo n'kuikamo code yowononga.

Yambani ndi gulu limodzi kwa miyezi ingapo ndipo yezani zotsatira m'malo mofunsa anthu momwe akumvera. Mu 2025 bungwe la METR linayesa olemba mapulogalamu 16 odziwa bwino ma repository awo, ndipo linapeza kuti pogwiritsa ntchito AI anatenga nthawi yochuluka ndi 19 peresenti, ngakhale iwo eni ankakhulupirira kuti afulumira. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa ndipo zida zikusintha, koma akukwanira kukuchenjezani kuti muziyang'ana manambala anu: nthawi imene pull request imatenga kuti ivomerezedwe, kuchuluka kwa kusintha kumene kumabwezedwa chifukwa kwaswa chinachake, ndi masabata amene wantchito watsopano amatenga asanatumize ntchito yake yoyamba. Lembani manambala amenewa musanayatse chidacho, kuti mudzakhale ndi chofananizira posankha ngati magulu ena alandirenso.