Mmene Mungakonzekerere Dzinja la La Niña Kuno ku Lilongwe

Chaka chilichonse, dzinja likamayandikira, nthambi ya boma yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo m'zaka zina mumamva dzina lakuti La Niña likutchulidwa pa wailesi. Ambiri akangomva dzinali amati basi chaka chino ndi cha mvula yambiri, ena n'kuyamba kuopa madzi osefukira, ena n'kusangalala kuti njala yatha. Maganizo awiri onsewa ndi ofulumira. Kukonzekera koyenera kumayamba ndi kudziwa chimene chikuchitika kutali ku nyanja yamchere ya Pacific, kenako kudziwa mmene chimafikira kuno kwathu, ndipo pomaliza kugwira ntchito zimene zingakupulumutseni mvula ikachuluka koma osakutayitsani kanthu ikapanda kutero.

Yambani ndi kumvetsa gwero lake. Pakati pa South America ndi Indonesia pali nyanja yamchere ya Pacific, yomwe ndi yaikulu kuposa nyanja zonse, ndipo pamwamba pake, motsatira mzere wa ikweta umene umagawa dziko lapansi pakati, pamawomba mphepo yochokera kum'mawa kupita kumadzulo. Mphepoyi imakankha madzi ofunda a pamwamba n'kukawaunjika kufupi ndi Indonesia ndi Australia, pamene kugombe la Peru ndi Ecuador madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwa amene achoka. Zimenezi zimachitika nthawi zonse, koma zaka zina mphepo ija imakula mphamvu, madzi ozizira n'kufalikira mpaka pakati pa nyanja, ndipo ndi pamenepo pomwe akatswiri amati La Niña yayamba. Dzinali ndi la Chisipanishi ndipo limatanthauza kamtsikana. Linaperekedwa pofuna kusiyanitsa ndi El Niño, kamnyamata, dzina limene asodzi a ku Peru ankaitanira madzi ofunda omwe ankawafikira nthawi ya Khirisimasi.

Mitambo ya mvula imapangika kwambiri pamwamba pa madzi ofunda, choncho madziwo akasunthira kumadzulo mvula nayo imawatsatira, ndipo mphepo za m'mwamba zomwe zimazungulira dziko lonse lapansi zimasintha njira. Gilbert Walker, yemwe ankagwira ntchito ya zanyengo ku India, ndiye anazindikira m'zaka za m'ma 1920 kuti mpweya ukamalemera mbali imodzi ya Pacific umapepuka mbali inayo, ndipo mu 1969 Jacob Bjerknes anasonyeza kuti kusinthana kumeneku n'kolumikizana ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja. Lero bungwe la NOAA la ku America limayeza chigawo cha nyanja chotchedwa Niño 3.4, ndipo madzi a pamenepo akazizira ndi theka la digiri kapena kuposerapo kwa miyezi ingapo yotsatizana, poyerekeza ndi mmene amakhalira nthawi zonse, limalengeza kuti La Niña ilipo. Theka la digiri likuoneka ngati laling'ono, koma likakuta dera lalikulu chotero limasuntha mvula ya mayiko ambiri.

Chachiwiri ndi kudziwa kuti La Niña siipatsa anthu onse chinthu chimodzi. Mu Januwale 2011 mzinda wa Brisbane ku Australia unamira m'madzi, ndipo chaka chomwecho ku Somalia kunagwa njala yoopsa kaamba ka chilala, zonsezi pa nthawi ya La Niña imodzi yamphamvu. Kuyambira 2020 mpaka kumayambiriro kwa 2023 La Niña inakhalitsa zaka zitatu motsatizana, ndipo m'zaka zimenezo madera ena a Kenya, Ethiopia ndi Somalia anaphonya mvula nyengo zisanu zotsatizana, alimi a soya ndi chimanga ku Argentina analira ndi chilala, pamene kum'mawa kwa Australia madzi anasefukira kangapo. Kum'mwera kwa Africa kuno, zaka za La Niña zimakonda kukhala za mvula yambiri, monga zinachitikira mu 2000 pamene mtsinje wa Limpopo unasefukira n'kuwononga kwambiri ku Mozambique.

Apa ndi pomwe ife a ku Lilongwe tiyenera kuganizira mofatsa. Dziko la Malawi lili pa malire a zigawo ziwiri zomwe zimayankha mosiyana. Chigawo cha kum'mwera kwa dziko lino chimatsatira mayiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo La Niña imachibweretsera mvula yochuluka kawirikawiri, pamene chigawo cha kumpoto chimafananako ndi Tanzania, komwe La Niña imatha kuchepetsa mvula. Lilongwe ali pakati, kotero kuti chizindikiro chochokera ku Pacific chimafika kuno chitasakanikirana ndi zina: kutentha kwa madzi a nyanja yamchere ya India, mphepo yachinyezi yochokera ku Congo, komanso anamondwe omwe amabadwira kapena kudutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022 La Niña ili pakati, n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo tonse mu mzinda muno tinakhala mu mdima kwa nthawi yaitali ngakhale mvula yoopsayo inagwa kutali ndi ife. Namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023 La Niña ikutha. Koma namondwe Idai wa mu Malichi 2019 anabwera chaka chimene kunalibe La Niña n'komwe. Ndikunena zimenezi chifukwa ndimada nkhawa ndi anthu amene amamva kuti chaka chino kulibe La Niña n'kusiya kukonza ngalande.

Tsono mukamamvetsera ulosi wa dzinja, tcherani khutu ku mawu enieni amene akatswiri akugwiritsa ntchito. Akanena kuti mvula idzagwa ya mlingo wake kapena yopitirira, akutanthauza kuti mwayi wa mvula yambiri ndi waukulu kuposa wa mvula yochepa, osati kuti mudzi uliwonse udzalandira chimodzimodzi. Ulosi wa dziko lonse usakukwanireni. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za ulosi wa boma la Lilongwe, womwe umafotokoza nthawi imene mvula yobzalira ingayambe ndi miyezi imene ng'amba ingadze, pakuti ng'amba ya masabata awiri mu Januwale imatha kuchitika ngakhale m'chaka chimene mvula yonse ikaphatikizidwa ndi yambiri. Kumbukiraninso kuti La Niña imayamba kuonekera pakati pa chaka n'kufika pachimake pakati pa Novembala ndi Febuluwale, ndiye kuti zimene munamva mu Seputembala zikhoza kusintha. Pitirizani kumvetsera ulosi wa tsiku ndi tsiku ndi wa masiku angapo mpaka kukolola.

Kumunda, ntchito yaikulu ndi kukonza njira ya madzi mvula isanayambe. Ngati munda wanu uli potsetsereka, konzani akalozera, ndipo mizere yonse itsatire akalozerawo m'malo motsikira kumunsi, chifukwa mzere wolunjika kumunsi umasanduka ngalande yokokolola nthaka pamodzi ndi fetereza. Bzalani udzu wa vetiva pa akalozera, ndipo pamene payamba kale kugumuka tchingani ndi miyala kapena mitengo mvula isanakulitse chigwembe. Alimi ambiri anaphunzira kutseka mizere kuti madzi asathawe, makamaka pambuyo pa chilala cha El Niño cha dzinja la 2023 mpaka 2024, chomwe chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Njirayi ndi yabwino, koma pa nthaka ya makande kapena pafupi ndi dambo muyenera kukhala okonzeka kutsegula zotsekazo mukaona madzi akukhala m'mizere masiku awiri kapena atatu, pakuti mizu ya chimanga ikamira imasowa mpweya ndipo masamba amachita chikasu. Malo amene mukudziwa kuti madzi amadikha musabzalepo chimanga kapena mtedza. Mpunga ungachite bwino pamenepo, kapena mungawasunge kuti mudzalimepo dimba madzi akaphwa.

Nkhani ya fetereza ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa thumba limodzi masiku ano limadya ndalama zimene banja lasunga miyezi yambiri. Fetereza wobereketsa wa Urea amasungunuka msanga, ndipo mvula yamphamvu ikagwa atangothiridwa amatsikira pansi kupitirira mizu kapena kukokoloka ndi madzi. Musathire mukamva kuti mawa kapena mkuja kugwa mvula yamphamvu, ndipo musathire m'nthaka imene yakhuta madzi. Bowolani kadzenje pakati pa mapando, thiranimo, n'kukwirira. Ngati dzinja likuoneka lamvula ndithu, gawani feterezayo pawiri, gawo loyamba chimanga chikatha masabata atatu kapena anayi ndipo lachiwiri chisanamasule, kuti mvula imodzi isatenge zonse. Manyowa amathandiza nthaka kugwira chakudya cha mbewu, choncho amene ali ndi khola kapena kompositi asanyozere. Udzu nawo umakula mofulumira m'chaka chonyowa, ndipo mukachedwa kupalira koyamba mudzapeza nthaka yoterera imene khasu silingagwire bwino.

Pa mbewu, musaike mtima pa mtundu umodzi. Chifukwa chakuti ulosi ukunena za mvula yambiri, mungabzale mbewu yocha mochedwerapo yomwe imabereka kwambiri, koma siyani gawo lina la munda kuti mubzalemo yocha msanga, ndipo onjezani soya, mtedza, mbatata kapena chinangwa pamalo okwera. Pogula mbewu ya chimanga funsani ngati chisononkho chake chimatsekeka bwino kunsonga, popeza chimanga chotseguka kunsonga chimalowa madzi n'kuwola mvula ikapitirira mpaka Epulo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a chaka chonyowa amafika mpaka m'nkhokwe. Chimanga ndi mtedza zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, sachoka ngakhale mutaphika, komanso amachititsa kuti ogula akane mtedza wanu. Konzeranitu mphasa, malona kapena thandala kuti zokolola zisakhudze dothi poyanika. Pofuna kudziwa ngati chimanga chauma, ikani njere zochepa m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo mukaona mchere ukumatirira m'mbali mwa botolo dziwani kuti chimangacho sichinafike posungidwa. Alimi a fodya aonetsetse kuti denga la chigafa silikudontha ndipo mphepo ikudutsa bwino, chifukwa tsamba lopanikizana m'chinyezi limawola lisanaume.

Mu mzinda, vuto lalikulu ndi ngalande zotsekeka ndi nyumba zomangidwa m'mphepete mwa mitsinje. Anthu a ku Mtandire, Kawale, Mchesi, Kaliyeka ndi Chipasula akudziwa mmene Lingadzi ndi timitsinje tina timadzadzira mwadzidzidzi, nthawi zina usiku, mvula itagwa kumtunda osati pakhomo pawo. Mu Okutobala, dzuwa likadali kuswa mtengo, gwirizanani ndi anansi anu komanso mfumu ya m'dera kuti muchotse mapepala apulasitiki, mchenga ndi zinyalala m'ngalande zonse mpaka pomwe zimakathira, pakuti ngalande yoyera pakhomo panu pokha imangotumiza madzi kwa mnzanu wa kumunsi. Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi imagwa kuyambira pansi, madzi akanyowetsa maziko, choncho kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, tsekani ming'alu, ndipo kumbani kangalande kochotsa madzi ogwa padenga. Khomani malata amene akugwedera. Makalata ofunika, monga chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana, aikeni m'pepala lapulasitiki pamalo okwera, ndipo banja lonse lidziwe kumene lingathawire madzi akafika usiku. Ana auzidwe mobwerezabwereza kuti asawoloke mtsinje wodzadza popita kapena pochokera kusukulu, ngakhale madzi akuoneka ofika m'mawondo okha.

Chimbudzi chimafuna chisamaliro chapadera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Madzi a mvula akalowa m'chimbudzi chokumba, chimasefukira kapena kugwa, ndipo zonyansa zimatsikira m'zitsime zosatetezedwa. Ngati chimbudzi chanu chatsala pang'ono kudzadza, kumbani china dzinja lisanafike, kumunsi ndiponso kutali ndi chitsime, n'kuchifolera bwino. Madzi akumwa a pachitsime athireni klorini kapena awiritseni nyengo yonse ya mvula, ndipo sungani mapaketi a Thanzi ORS m'nyumba. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, yambani kumumwetsa pomwepo muli pa ulendo wopita naye kuchipatala. Zithaphwi zozungulira nyumba zikwirireni, ndipo neti yong'ambika isokedwe mvula yoyamba isanagwe, chifukwa udzudzu umaswana patangopita masiku ochepa madzi atadikha.

Amene mumachita malonda kapena kudalira msika musaiwale kuti La Niña ikhoza kukufikirani kudzera m'mitengo ya zinthu ngakhale mvula ya kuno itagwa bwino. Chilala chikagwa ku Kenya ndi mayiko oyandikana nawo, ogula amafunafuna chimanga kuchokera kum'mwera, ndipo mtengo umakwera m'misika yathu. Mlatho umodzi ukakokoloka pa msewu wochokera ku Beira kapena njanji ya ku Nacala ikaduka, mafuta ndi fetereza zimachedwa kufika. Pachifukwa ichi, mukakolola werengerani kaye matumba amene banja lanu limadya kufikira Malichi wa chaka chotsatira, muwathire mankhwala kapena muwasunge m'matumba osalowa mpweya, muwasanje pa mitengo kuti asakhudze pansi kapena khoma, ndipo mavenda akabwera ndi masikelo awo mu Meyi muwagulitse zokhazo zimene zatsala pamwamba pa chiwerengerocho.