Kasamalidwe ka Ansellia africana, duwa lomera pamitengo

Ansellia africana sadzala m'dothi. Anthu ambiri amene duwali limawafera amalakwa pomwepa: amalikwirira m'dothi lakuda lachonde poganiza kuti akulikomera mtima, mizu n'kuwola yonse.

Duwali ndi la m'banja la maluwa otchedwa ma orchid, m'gulu la okhala pamitengo. Limamera lokha m'madera otentha a Africa, kuyambira kumadzulo mpaka ku South Africa, litakangamira pamphanda za mitengo italiitali kapena pa migwalangwa. Siliyamwa kanthu mumtengomo, limangofuna pogwira basi. John Lindley, katswiri wa zomera wa ku England, ndiye analipatsa dzina mu 1844 pokumbukira John Ansell, amene analipeza pachilumba cha Fernando Po, chomwe lero ndi Bioko, ku Equatorial Guinea.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi mizu yake. Ilipo yamitundu iwiri. Ina ndi yonenepa, yomamatira pakhungwa. Ina ndi yoonda, yoyera, yoloza kumwamba, ndipo ikachuluka imawakha masamba ouma ogwa mumtengo. Masambawo akamawolera pamenepo, chakudya cha duwa chimakhala chapezeka. Ena akaona mizu yaimirira choncho amatenga sizasi kuti pakongole. Chonde musadule. Ndipo tsamba likagwerapo, lisiyeni.

Mbewu yabwino ndi yogawa pa tsinde lalikulu, maluwa atatha, mphukira zatsopano zikuyamba kutulutsa mizu. Wambani mpeni pamoto musanadule, poti matenda amayenda ndi mpeni. Chigawo chilichonse chikhale ndi mapesi atatu kapena anayi ndi mphukira imodzi yamoyo. Mapesi akalewo, ngakhale atayoyola masamba, ndiwo amasunga madzi ndi chakudya, choncho musawathothole.

Ngati muli ndi mtengo wa khungwa lokhakhala lomwe silifunduka, mangirirani chigawocho pamphanda ndi nsalu yong'ambidwa motalika. Mangani zolimba ndithu. Duwa likamagwedera ndi mphepo, nsonga za mizu yatsopano zimakhulika pakhungwa n'kufa zisanagwire. Ine waya sindimukonda chifukwa amacheka mapesi akamanenepa. Popanda mtengo, tengani dengu lamatabwa kapena mphika wadothi wobowola malo ambiri, muikemo zibenthu zikuluzikulu za makungwa ndi makala. Tsinde likhale pamwamba, losakwiririka. Sankhani chotengera cholemera, pakuti mapesi ake, ooneka ngati nzimbe zazifupi, amatha kupitirira masentimita 60 ndipo kamphika kopepuka amakagwetsa.

Kuwala limafuna kwambiri, kuposa ma orchid ambiri a m'nyumba. Dzuwa lam'mawa lonse ndi kamthunzi masana ndiye zabwino. Masamba adzakuuzani okha: akabiriwira moderapo, mthunzi wachuluka ndipo maluwa musawayembekezere, akabiriwira mopita kuchikasu pang'ono, zili bwino. Lomwe lazolowera mthunzi lisendezeni kudzuwa pang'onopang'ono kuopa kupsereza masamba.

Nkhani yaikulu ili pa madzi, chifukwa duwali limadziwa nyengo ziwiri. Pamene mphukira zikukula, thirirani mokwanira mpaka madzi adonthe pansi, kenako dikirani kuti makungwa aume musanathirirenso. Thirirani m'mawa kuti madzi asagone mkati mwa mphukira. Madzi amvula ndiwo abwino koposa. Feteleza wosungunula m'madzi muziika kamodzi pa milungu iwiri, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa papaketi, ndipo nthawi zina tsukani mizu ndi madzi okhaokha kuti mchere usaunjikane.

Mapesi atsopano akakhwima, nyengo yozizira itafika, siyani feteleza ndipo chepetsani madzi kwambiri kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Apa mtima umawawa, ndikudziwa, makamaka mapesi akayamba kuchita makwinya pang'ono. Pirirani. Kuuma kumeneku ndiko kumatulutsa maluwa, ndipo wothirira chaka chonse amakolola masamba okhaokha. Ingosamalani kuti lisakhale pozizira kutsika madigiri 10 Celsius, chisanu chimalipha.

Phesi la maluwa limatuluka kunsonga, lanthambinthambi, lodzaza ndi maluwa achikasu a mawanga ofiirira, onunkhira, okhala milungu ingapo. Mawangawo amasiyana tsinde ndi tsinde: ena akuda bii, ena ochepa, ena alibiretu.

Tizilombo tovuta ndi toyera tathonjethonje tija ndi tina tomata tokhala kunsi kwa masamba. Tipukuteni ndi thonje loviika mu sipiriti, mubwerezenso pakatha mlungu.

Njere zake musavutike nazo. Ndi fumbi lenileni, ndipo sizimera popanda nkhungu yapadera ya mtundu wa bowa yozidyetsa. Akatswiri amazimeretsa m'mabotolo. Koma zimenezi zisakupangitseni kukazula lakutchire. Duwali likuchepa chifukwa chozulidwa ndi kudulidwa kwa mitengo, bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, linaliika m'gulu la zomera zomwe zili pachiopsezo, ndipo kudutsa nalo malire a dziko kumafuna chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire. Pemphani chigawo kwa amene akuliweta kale, kapena gulani kwa odzala ovomerezeka, mufunsenso komwe tsinde lawo linachokera.