Kulemba wilo yoti khoti lisaikane

Munthu akamwalira osasiya wilo kuno ku Zambia, chuma chake chimagawidwa potsata lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989. Pa kwacha 100 iliyonse, ana amatenga 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo 10 imapita kwa ena amene malemu ankawasamala. Ana obadwa kunja kwa banja nawonso amawerengedwa, ndipo pa mitala akazi onse amagawana 20 yomweyo. Tsono ngati mukufuna kuti mwana wa mlongo wanu kapena mdzukulu amene mukulera adzapeze chake chodziwika, mawu onenera pakhonde sakwanira. Lembani wilo.

Yambani ndi kaundula wa zomwe zilidi zanu. Musangoti "nyumba yanga". Lembani kuti nyumba ya ku Kapata, nambala ya puloti yakuti, mapepala ake ali pakuti. Ng'ombe zitchuleni chiwerengero ndi khola lomwe zili, makamaka zomwe munasungitsa kwa achibale kumudzi, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimasowa maliro asanathe. Onjezani ngolo, chigayo, akaunti ya kubanki, nambala ya NAPSA (bungwe la penshoni), ndalama za pafoni, ndiponso ngongole zomwe muli nazo.

Munda wa kumudzi ndi nkhani ina. Malo a mafumu sagawidwa ndi wilo monga nyumba ya taitolo, amatsata mwambo wa komweko. Kwa Achewa a ku Katete kapena ku Chadiza munda umayenda ndi mbumba ya kuchikazi, pomwe kwa Angoni a Mpezeni umatsata kuchimuna. Ngati mukufuna kuti mkazi wanu adzapitirize kulima dimba lija, kambiranani ndi akuluakulu a banja pamaso pa a nyakwawa mudakali moyo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe.

Kenaka sankhani munthu wodzayendetsa chumacho. Asakhale wachikulire kuposa inu, akhale wodziwa kuwerenga, wosaopa kuuza amalume kuti ayi. Mufunseni kaye ngati avomera. Ngati muli ndi ana aang'ono, tchulaninso wodzawalera.

Pomwe mawilo ambiri amafera ndi posayina. Lamulo la Wills and Administration of Testate Estates Act, la mu 1989 momwemo, limafuna kuti wolemba akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino, ndipo asayine kumapeto kwa zolembazo mboni ziwiri zili pomwepo nthawi imodzi. Mbonizo zisayinenso iye akuona. Kusayina nokha kunyumba, mawa n'kupita nalo pepala kwa abusa, mkuja kwa aphunzitsi, ndi kuononga wilo yonse. Mboni isakhale munthu amene mwamupatsa kanthu m'wiloyo, angadzataye gawo lake. Sipafunika kuti mboni ziwerenge zomwe mwalemba, zimangochitira umboni kuti mwasayina ndinu. Ikani deti, ndipo mboni zilembe maina onse ndi manambala a zitupa zawo kuti zidzapezeke.

Kwa amene saona kapena sadziwa kuwerenga, pakhale munthu wapadera woti awawerengere ndi kuwafotokozera zonse asanadinde chala, ndipo alembe pa wilo pomwepo kuti wawerenga ndipo mwiniwake wamvetsa. Kudumpha zimenezi ndi kupatsa achibale mpata wodzanena kuti agogo anangowagwira dzanja.

Musafufute kapena kuwonjezera mawu ndi bolopeni mutasayina kale. Zinthu zikasintha, mwina mwagulitsa puloti kapena kwabadwa mwana, lembani ina yatsopano yonena kuti yakale yathetsedwa, ndipo yakaleyo muing'ambe. Dziwaninso kuti mukamana mkazi kapena mwana wamng'ono kotheratu, iye angathe kukadandaula kukhoti ndipo khoti likhoza kumupatsa chomusamalira.

Pepala lenilenilo lisungidwe kwa loya kapena malo ena otetezeka, osati m'sutikesi ya kuchipinda momwe aliyense amapisa dzanja tsiku la maliro. Wodzayendetsa chuma adziwe komwe lili. Amene alibe ndalama za loya akafunse thandizo ku Legal Aid Board.

Imfa ikachitika, woyendetsa chuma atenge chikalata cha imfa ndi wilo yeniyeniyo, osati fotokope, n'kukapempha chilolezo ku High Court. Banki sidzatulutsa ndalama popanda chilolezocho. Ayambe wabweza ngongole, kenaka agawe monga mwalembedwera, akusunga malisiti a chilichonse. Iye ndi kapitawo chabe, chumacho si chake.

Wachibale akayamba kunyamula mipando kapena kuthamangitsa wamasiye m'nyumba, umenewo ndi mlandu. Lembani zomwe zatengedwa ndi maina a amene anaona, mukanene ku Victim Support Unit ya apolisi tsiku lomwelo katundu asanagulitsidwe.