Matimati akayamba kupsa masamba: zoyenera kuchita m'dimba la pakhomo

Mvula ikakhazikika mu Disembala, timadimba ta kuseri kwa nyumba m'makomboni a ku Lusaka monga Chawama, Kanyama ndi Mtendere timayamba kudwala. Chaka chatha ndinataya mizere itatu ya matimati m'sabata imodzi, chifukwa ndinathamangira kugula mankhwala ndisanadziwe chimene chikupha mbewu zanga. Mpaka lero zimandiwawa. Choncho yambani ndi kuzindikira matendawo.

Lowani m'dimba m'mamawa mame asanaume, munjute, mutembenuze masamba am'munsi. Mukaona madontho abulauni okhala ndi mizere yozungulira ngati mphete, tsamba likuchita chikasu, chimenecho ndi chiwau choyambira pansi. Chilipo china choopsa kwambiri: tsamba limada ngati lathiridwa madzi otentha, kunsi kwake kuli nkhungu yoyera. Chimakonda mitambo ndi chinyezi, ndipo chimatha dimba lonse m'masiku ochepa. Pa repu ndi kabichi, chikasu chimayambira m'mphepete mwa tsamba n'kumalowa mkati mosongoka, mitsempha ikuda. Matenda a repu ndi kabichi amenewa amabwera ndi mbewu, n'chifukwa chake ine ndinasiya kugula mbewu yoyezera pamanja. Ndimagula ya m'paketi yomata.

Mukazindikira, thotholani masamba odwala onse, muwaike m'thumba, mukawakwirire kutali kapena kuwatentha. Asalowe pa dzenje la manyowa. Sambani m'manja ndi sopo, mutsukenso mpeni musanagwire mbewu zabwino.

Kenaka sinthani kathiriridwe. Ambiri timatenga chigubu choboola n'kumanyowetsa masamba madzulo, mbewu n'kugona yonyowa usiku wonse. Apa ndi pamene timadziitanira matenda. Thirani patsinde, m'mawa. Yalani udzu wouma pansi kuti dothi lisathovukire pa masamba mvula ikamagwa, ndipo mangirirani matimati ku timitengo mphepo izidutsa.

Tsopano mankhwala. Mancozeb ndi mankhwala a kopa amateteza masamba amene asanagwidwe; tsamba lopsa kale silichira. Tsatirani muyezo wolembedwa pa paketi, phimbani mphuno ndi pakamwa, ndipo werengani masiku oyenera kudikira musanathyole. Ndiwo zimenezi akudya ndi ana anu omwe.

Koma pali matenda amene mankhwala alibe nawo mphamvu. Mbewu ikafota masana masamba adakali obiriwira, pansi pali ponyowa, dulani kachidutswa ka tsinde, muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera osaigwedeza. Pakapita mphindi zochepa, mukaona timadzi toyera ngati mkaka tikutsika ngati ulusi, dziwani kuti ndi matenda ofotetsa a bakiteriya. Zulani mbewuyo pamodzi ndi dothi la kumizu. Pamalopo musabzalepo matimati, impwa, tsabola kapena mbatatesi kwa zaka zosachepera 3, popeza zonsezi ndi banja limodzi. Ikanipo chimanga kapena anyezi. Ngati malo ndi ochepa, monga zilili m'komboni, bzalani matimati m'masaka okhala ndi dothi lochokera kwina, muwakhazike pa njerwa kuti madzi osefukira asawafike.

Zikakukanikani, kulungani tsamba lodwala m'pepala, mukawaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Akatswiri a matenda a mbewu aliponso ku malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu, ku Chilanga.