Dzina la profile lizitchula nambala ya kernel

Inu amene mumakonza mapulogalamu oti aziyendabe pa makina a Linux okhala ndi kernel (chimake cha Linux chimene chimayendetsa makinawo) yakale, tiyeni tikambirane za mayina amene mumapatsa ma profile anu, timagulu ta zosankha tija timene timauza makina mmene amangire pulogalamu. Ambiri mumangolemba "legacy" kapena "old" n'kupitirira. Mayina otere ndi amene amadzakuvutitsani.

Mawu oti "yakale" sakhala malo amodzi. Kernel 2.6.32 inatuluka mu Disembala 2009 ndipo ndi imene inayendetsa CentOS 6, mtundu wina wa Linux. CentOS 7 inabwera ndi 3.10, yomwe nthawi imeneyo inali yatsopano, koma nayo chithandizo chake chinatha pa 30 Juni 2024. Ndiye "legacy" wanuyo akunena iti? Ndinaonapo foda ina muli "legacy", "legacy2" ndi "very-old" zitandandalikana, mwini wake atachoka kale ntchito. Tinachita kutsegula fayilo iliyonse kuti tidziwe kusiyana kwake, tsiku n'kuthera pomwepo.

Lembani nambala ya kernel yotsikitsitsa imene profile ikuvomera. A Gentoo Prefix, amene amakonza njira yoikira mapulogalamu a Gentoo Linux pa makina ena, anachita bwino pamenepa: ali ndi kernel-2.6.16+, kernel-2.6.32+ ndi kernel-3.2+. Kachizindikiro ka + kakutanthauza kuti kuyambira pamenepo kupita m'mwamba. Munthu akalemba uname -r (lamulo lofunsira nambala ya kernel), makina n'kuyankha 2.6.32, safunsanso wina aliyense.

Koma manambalawo musangowatola. Dulani malire pamene china chake chikusinthadi. glibc 2.26 (glibc ndi laibulale imene mapulogalamu ambiri a Linux amadalira) imakana kernel iliyonse yosafika 3.2, ndipo pulogalamu imangofa ndi uthenga woti "FATAL: kernel too old". N'chifukwa chake 3.2 ndi malire enieni. Ngati pulogalamu yanu imadalira getrandom (njira yopemphera manambala osayembekezereka kwa kernel), malire anu ndi 3.17, poti ndi pamene inalowa mu kernel. Ngati ndi statx (njira yofunsira zambiri za fayilo), ndi 4.11. Profile yosasiyana kanthu ndi inzake ingoichotsani, ikungokuwonjezerani ntchito yoyesa.

Chenjerani ndi 3.10 ndi 3.2. Kompyuta ikamasanja mayina ngati zilembo wamba imaika 3.10 patsogolo pa 3.2, ngati kuti ndiyo yakale, chonsecho 10 ndi wamkulu kuposa 2. Gwiritsani ntchito sort -V posanja, ndipo script yanu isamayerekeze manambalawa ngati mawu.

Dzina la distro (mtundu wa Linux, monga CentOS) kapena chaka musaliike m'malo mwa nambala. A Python, chinenero cholembera mapulogalamu, anayenda njira imeneyi ndi mayina oti manylinux1, manylinux2010 ndi manylinux2014, mpaka anaona kuti kuli bwino kungotchula glibc yeniyeniyo, monga manylinux_2_17. Komanso a kampani ya Linux ya Red Hat amatenga zinthu za m'ma kernel atsopano n'kuzilowetsa mu yakale osasintha nambala yoyambirira, kotero 3.10 yawo si yofanana ndi 3.10 ya wina. Dzinalo lizinena zimene kernel wamba ya nambala imeneyo imatha, zowonjezerazo pulogalamu iziyesa yokha ikamayamba.

Mukafuna kusintha dzina lakale, musalifufute tsiku lomwelo. Siyani symlink (fayilo imene imangolozera ku ina) yoloza ku dzina latsopano, ikani uthenga wochenjeza aliyense amene akuligwiritsabe ntchito, ndipo lembani tsiku limene mudzalichotse m'fayilo yoyamba ya profile yomweyo.